Kalongedzedwe ka Che Bwanali

Mkazi wanga Halima. Nyimbo zimene ankayimba mophonya mawu akamachapa. Dzanja lokhalo limene linkapesa mwana wathu iye osalira. Ulendo wa kuphiri la Mulanje umene tinali titalongedzera kale zikwama. Tulo. Zimenezi ndinazitaya chaka cha dzana, m'sabata imodzi ya mwezi wa Meyi. Chaka chino ndawonjezapo Che Bwanali, amalume ake a Halima, amene ankasoka matenti ndi zikwama pakhonde la sitolo ina ku Old Town.

Panatsala pang'ono kuti ndiwonjezeponso mwana wanga, kawiri konse. Sizinatero, ndipo chifukwa chake ndi mkulu ameneyu.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe ngati ya munthu amene anayamba kusenza katundu mafupa ake asanakhwime. Zinalidi choncho. Anabadwira m'tsinde mwa Mulanje, ndipo ali mnyamata ankatsitsa matabwa a mkungudza pamutu kuchokera kwa ocheka pamwamba pa phiri. Kenako anayamba kunyamulira katundu alendo okwera phirilo. Kusoka anaphunzirira pa zikwama za alendowo zikang'ambika pakati pa ulendo. Atabwera ku Lilongwe anagula makina opondera, nawakhazika pakhonde lija, pafupi ndi msewu wa Malangalanga, malo oti kuitana kwa kumzikiti ankakumva osatukula mutu. Sanasamukepo mpaka mwendo unawakanika.

Ntchito yambiri inali ya zikwama za ana asukulu, malona a malole ndi mipando ya maminibasi. Koma mtima wawo unali pa katundu wa anthu oyenda m'mapiri. Madalaivala a ku Area 10 ankabweretsa matenti a mabwana awo, ndipo Che Bwanali ankayamba ndi kununkhiza, n'kutchula phiri limene tentiyo yachokera. Kawirikawiri ankaphonya. Dalaivala akatsutsa, iwo ankati ndiye kuti tentiyo inabwerekedwa mwini wake osadziwa. Zipi ankadana nayo ngati munthu. Ankati zipi imakonda kufa mvula ikayamba, ndipo ukawapatsa chikwama choti angosoka pakona, unkachipeza zipi atachotsa, ataikapo zingwe ndi malamba. Anthu ankakalipa. Iwo ankangopondabe makina, n'kumuuza wokalipayo kuti adzawathokoza tsiku lina ali pamalo oipa.

Chimene onse oyenda nawo amawakumbukira nacho ndi kalongedzedwe kawo. Paulendo wa Che Bwanali panalibe munthu wonyamula katundu wokwanira payekha. Wina akasenza mpunga, poto ankakhala kwa mnzake. Wonyamula nsalu ya tenti sankanyamula zitsulo zake. Machesi ankapita kwa amene alibe chophika. Ankalongedza okha usiku woti mawa ndi ulendo, ndipo ukasuntha kanthu ankabweza osalankhula.

Chiyambi cha lamuloli ankachifotokoza mosiyanasiyana. Tsiku lina ankati anali msuweni wawo, tsiku lina mnzawo wosenza naye matabwa. Chimene sichinkasintha n'chakuti munthuyo anakangana ndi anzake pamwamba pa phiri, nanyamula thumba lake n'kulowera yekha, nkhungu ya chiperoni ili pafupi kugwa, ndipo sanaonekenso. M'thumba mwake munali zonse, chakudya, chofunda, moto. Panalibe chomubweza. Che Bwanali ankati paphiri anthu sasowa chifukwa cha mizimu monga amanenera ena, amasowa chifukwa chopsa mtima chikwama chili chodzaza.

Halima analeredwa ndi iwo. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo bambo ake anapita ku Joni osabwerera. Che Bwanali, amene analibe mwana wawowawo, anakamutenga kumudzi. Anayamba kumukweza kaphiri ka Bunda asanadziwe kuwerenga, kenako Nkhoma, kenako Dedza, mpaka Mulanje. Akuluakulu ena a kumzikiti anawadzudzula kuti mwana wamkazi sayenda m'matanthwe ngati mbuzi. Iwo anamusokera buluku la nsalu ya tenti loti azivala mkati mwa diresi, nawauza akuluakuluwo kuti nkhani yatha. Nkhaniyo sinathe, koma ulendo sunalekeke.

Ine ndinakumana ndi Halima ku koleji. Tsiku limene anakandionetsa pakhonde paja ndinali nditakonzeka kufunsidwa za chipembedzo, popeza ndine Mkhristu, mwana wa mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi. Che Bwanali anandiyang'ana kumapazi n'kufunsa ngati ndili ndi nsapato zina kupatula za kuofesizo. Loweruka lotsatira tinali m'phiri la Dedza. Masana nditatsegula chikwama kuti ndidye buledi wanga, ndinapezamo poto ndi juzi la Halima. Buledi anali kwa iwo. Anandigawira pang'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Che Gondwe.

Ndi bambo anga sankamvana, ngakhale ankalemekezana kwambiri. Pokambirana za ukwati bambo anafuna kupereka malowolo monga timachitira kwathu. Che Bwanali anakana, nati kwawo mwana wamkazi salipiridwa. Bambo anafunsa kuti nanga popanda malowolo ana adzakhala a yani. Funsolo linagwa pansi, palibe analitola. M'malo mwake anayamba kukangana za mapiri. Bambo ankati palibe malo oposa Nyika, kumene udzu umayenda ngati madzi mpaka kumene diso lalekeza, mbidzi zikudya pafupi. Che Bwanali anawafunsa kuti anakwera bwanji. Bambo anati pa galimoto ya boma. Apo Che Bwanali anati malo amene galimoto imafika pamwamba si phiri, ndi dambo lokwezeka chabe. Mkangano umenewu ankauyambiranso nthawi iliyonse akakumana, pa chinkhoswe, pa ukwati, ngakhale pakhomo la chipatala tsiku limene mwana anabadwa. Funso lenileni lija linatsala pomwe linagwera. Mwanayo anapatsidwa mayina awiri. Kwathu ndi Lusungu, ku Old Town ndi Amina.

Halima anadandaula mutu Lolemba. Lachinayi tinamuika m'manda. Anali matenda oumitsa khosi. Loweruka la sabata imeneyo tinayenera kunyamuka atatu, kukamuonetsa mwana Mulanje koyamba, angofika pa mathithi a m'munsi n'kugona usiku umodzi. Zikwama ziwiri zinali zitaima kale m'chipinda, Halima atalongedza yekha. Ndinazilowetsa m'kabati momwe zinalili, n'kutseka.

Misozi isanaume funso lija linadzuka. Abiti Daudi, achemwali aakulu a Che Bwanali amene amakhala kumudzi ku Mulanje, ananena poyera kuti mwana ndi wa mbumba yawo, ndipo mwamuna yekha sangalere mwana wamkazi wa zaka zinayi. Akamutenga. Bambo anga nawo anali atakonza kale zawo mwakachetechete, monga munthu amene wagwira ntchito m'boma moyo wake wonse. Malo a sukulu anali atapezeka ku Mzuzu, kumene kuli mlongo wanga, ndipo mnzawo wina loya anali atauzidwa kuti akhale tcheru. Mbali zonse ziwiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti mwanayo achoke m'nyumba mwanga. Ndinkapita kuntchito, kubwerako, kukhoma geti, kumupesa mwana akulira.

Mawu omaliza a mbali ya Halima anali ndi Che Bwanali, popeza ndiwo anali mwinimbumba. Iwo sanapereke chigamulo. Ine ndinaleka kupita ku Old Town. Ndinkadziwa kuti pamsomali wa pakhonde paja pali tinsapato ta mwana timene ankatiika zikopa zolimba kupansi chifukwa cha ulendo uja. Sindinakatenge, ndipo iwo sanatumize.

Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire Halima, itapita, m'mwezi wa Julaye, ndinangoona atulukira ku ofesi kwathu ku City Centre, atavala mkanjo wa Lachisanu, akupuma mwabefu chifukwa anakana chikepe n'kukwera masitepe. Sanakhale pansi. Anati ulendo umene unakonzedwa suyenera kuwola, tinyamuke awiri sabata yomweyo, ndipo zikwama abweretsa iwo atalongedza kale. Ndinadziwa kuti akukandiuzira kuphiri zimene agamula. Ndinavomera, koma mwana ndinakamusiya kwa bambo ku Area 10, kuseri kwa mpanda ndi mlonda, poopa kuti wina angabwere kudzamutenga ine kulibe.

Tinayambira ku Likhubula, m'tsinde mwa phirilo, m'mamawa. Njira inadutsa m'minda ya paini, kenako inalowa m'nkhalango yamthunzi momwe miyala yake ndi yoterera ngakhale m'chilimwe, kenako inayamba kuima. Iwo anali atakalamba kuposa mmene ankavomerezera. Ankaima pafupipafupi, koma sankati atopa, ankati akufuna kundionetsa chinthu. Choncho ndinaonetsedwa zambiri. Dziwe limene Halima anataya nsapato ali mwana, n'kutsika phiri lonse phazi limodzi litakulungidwa m'chipewa chawo. Thanthwe limene anakhalapo tsiku lina atanyanyala, n'kunena kuti sasuntha mpaka phiri lifupike. Sankamutchula ngati womwalira. Ankamunena ngati mwana wamakani amene watsogola pang'ono.

Titatulukira pamwamba dzuwa linali litapendeka. Amene sanafikeko amaganiza kuti pamwamba pa Mulanje ndi nsonga. Ndi dziko lina lathunthu, la zigwa zotakata za udzu wofiirira, timitsinje toyera toti mchenga wapansi umawerengeka, madzi ozizira opweteka mano. Nsonga zimayambira pamenepo, zamiyala yokhayokha, zina zotuwa, zina zakuda ndi madzi otsetsereka. Mitambo inali pansi pathu, itaphimba minda ya tiyi. M'makwawa mmene Che Bwanali ankakumbukira mikungudza yoti anthu awiri osaikumbatira munatsala zitsa ndi mitengo youma yoyera ngati mafupa. Anaima, nati ina mwa mitengo imeneyo inatsika pamutu pawo, choncho alibe pakamwa potukwanira munthu.

Nyumba zogona alendo zilipo paphiripo, koma iwo ankazinyoza, ankati m'menemo mumanunkha masokosi a dziko lonse. Tinagona mu tenti yosoka okha. Tsiku limenelo za mwana sanazitchule.

Anazitchula mawa lake masana, titakhala m'mbali mwa kamtsinje pakati pa chigwa, kutali ndi nyumba iliyonse. Anati Abiti Daudi akudikira yankho tikatsika, ndipo akufuna amutenge mwanayo sukulu zisanatsegulidwe. Anandifunsa kuti ine ndikuti bwanji.

Ndinayankha ndi mawu a bambo anga, chifukwa anga ndinalibe. Ndinati malo apezeka kale ku Mzuzu, ndipo ngati a kuchikazi akakamira, pali loya amene akudziwa nkhaniyi.

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino.

"Loya?"

"Ndi mmene bambo akonzera."

"Ine ndalera Halima ndi makina opondera. Ndakupatsani osalandira ngakhale nkhuku. Lero mukundiitanira loya, pamwamba pa phiri langa?"

Anaimirira, nakoleka chikwama kumsana. Anati nditsike ndekha, loya wangayo andionetse njira. Ananyamuka mwaliwiro limene sindinaliwone ulendo wonsewo, nakwera kamtunda, nazimirira kuseri kwake.

Sindinawatsatire. Poyamba chinali chifukwa cha mkwiyo. Nditayamba kuganiza zowatsatira, chiperoni chinali chitafika. Sichibwera ngati mvula. Chimangotuluka m'zigwa mwakachetechete, nsonga n'kuzimirira imodzi ndi imodzi, kenako kamtunda, kenako tsidya la kamtsinje. Posakhalitsa ndinkangoona mapazi anga ndi udzu wonyowa. Ndinaitana, mawu anga osapita patali. Halima anandiphunzitsa kuti mukatayana m'nkhungu, wotsalayo asachoke pamene munaonana komaliza. Ndinakhala.

Kuzizira kutalowa m'mafupa ndinatsegula chikwama. Munali zitsulo za tenti popanda nsalu. Poto wopanda chophika. Machesi, kamkeka kawo kopempherera, ndi mankhwala awo a shuga. Chofunda munalibe. Ndinatola tinkhuni pansi pa thanthwe pomwe panali pouma, moto n'kuyaka movutikira, utsi wambiri kuposa lawi. Ndinawiritsa madzi opanda kanthu kuti ndingotenthetsa manja. Ndinkayang'ana kabotolo ka mankhwala kaja n'kumaganiza za munthu wokalamba amene ali yekha m'nkhungu, ndiponso za mwana amene angatsale wopanda aliyense wa ife.

Kunja kutayamba kuderako ndinamva chifuwa, kenako mawu otukwana m'Chiyawo. Anatulukira ngati chithunzi, ndevu zili ndi madontho a madzi, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Anatula chikwama, natulutsa bulangete, n'kundiponyera kumaso.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani, Che Gondwe. Ndangobweretsa bulangete."

Anakhala pafupi ndi moto, akunjenjemera. Anati anali atafika kutali ndithu, ndipo njira ya kunyumba ya alendo akanaipeza ngakhale atatseka maso. Kuswali akanaswali pathanthwe popanda kamkeka. Mankhwala akanadumphitsa tsiku limodzi, si koyamba. Koma anakhala pansi kuti apume, natsegula chikwama, napezamo mabulangete awiri. Munthu mmodzi, mabulangete awiri, kunja kukuzizira chonchi. Anayesa kutseka n'kupitiriza, miyendo inakana.

"Analongedza zopusazi ndani?" anafunsa, akuyang'ana moto.

"Ndinu, bambo."

"Ndikudziwa."

Ndinaseka. Kanali koyamba chimwalirire Halima, ndipo kusekako kunatuluka moipa, ngati chifuwa. Iwo sanaseke, koma anandipatsa mpunga kuti nditsuke.

Tenti ija siimika munthu mmodzi, anaisoka dala choncho. Wina amagwira chitsulo, wina n'kukoka chingwe. Titaimika anamwa mankhwala, nayala kamkeka, naswali nkhungu ikuwazungulira. Tinadya mpunga ndi mtedza kunja kusanade kwenikweni. Ndi pamene analankhula. Anati loya sakumuopa, chimene akuopa ndi Mzuzu. Mwana akapita kumeneko adzabwera pa maliro okha, atakula, dzina la Amina ataliiwala, ndipo iwo sadzaonanso chipumi cha Halima pankhope ya munthu wamoyo. Kumudzi kwa achemwali awo nakonso n'kutali, koma kumeneko akanatha kupitako osagogoda pa geti.

Ndinawauza kuti ku Mzuzu inenso sindikufunako. Ndinati chiyambire maliro aliyense wandiuza kumene mwana apite, palibe wandifunsa.

"Ndakufunsani masana, mwandiyankha za abambo anu. Ndikufunsaninso."

"Ndikufuna azidzuka m'nyumba mwanga. Ndizimupesa ndekha, ngakhale azilira."

Anakankhira zikuni pamoto. Kenako anafunsa chimene Halima ananena komaliza. Ndinali ndisanauze munthu aliyense. Ndinkachita nawo manyazi mawuwo, chifukwa sanali otsanzika kapena achikondi monga anthu amayembekezera, anali a katundu basi. Ndinawauza. Anapukuta kumaso ndi chikhato, nati mwanayo anamuphunzitsa bwino.

Chigamulo chawo anachipereka ngati akulongedza. Mwana azigona kwa bambo ake ndipo aziphunzira ku Lilongwe. Loweruka lililonse azikhala pakhonde ku Old Town. Lamulungu ndipite naye kutchalitchi, iwo sadzafunsa, ndipo zimene azimuphunzitsa Loweruka inenso ndisafunse. Tchuthi chachikulu azipita kumudzi kwa Abiti Daudi, koma ndizipita naye ndekha, osati kumutumiza ndi munthu. Za loya zithere pomwepo.

"Ine ndisenza achemwali anga," anatero. "Inu musenze abambo anu. Wolemera ndani, tikaona potsika."

Usiku umenewo ndinagona tulo teniteni, pansi polimba, mapazi a munthu wokalamba akundigunda m'nthiti. M'mawa chiperoni chinali chitapita ngati sichinabwerepo. Udzu uliwonse unali ndi dontho lake, nsonga zonse zitabwerera m'malo mwake, Sapitwa, nsonga yaitali koposa zonse, ali poteropo dzuwa litamuwomba mbali imodzi. Kutali pansi kunkaoneka utsi wa m'midzi ndi msewu wopyapyala ngati ulusi. Ndinasamba kumaso m'kamtsinje kaja madzi akuluma, ndipo ndinamva njala.

Tinatsikira kumudzi. Che Bwanali ndi achemwali awo anakakhala kuseri kwa nyumba masana onse. Ndinkamva mawu akukwera ndi kutsika, a Abiti Daudi ndiwo ankakwera kwambiri. Potuluka mayiwo sanandiyang'ane. Anangoika nanazi ziwiri pafupi ndi chikwama changa, nati n'za Amina, osati zanga. Katundu wanga uja, wokalankhula ndi bambo, ndinakamutula ku Area 10. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamawondo. Anati ndapanga chinthu chopanda pepala, ndipo zinthu zopanda pepala zimafa ndi eni ake. Kenako anafunsa ngati Mulanje akuposadi Nyika. Ndinati sindinafike ku Nyika. Anati ndiye ndisalankhule.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi mwana ku Old Town. Tinsapato tija tinali pamsomali pomwepo, titachita fumbi. Che Bwanali anatipukuta ndi mkanjo wawo, namuveka okha.

Kuyambira pamenepo Loweruka linali lawo. Mwana ankakhala pa mulu wa malona, akuwatcha ambuje monga amatchulira agogo kwawoko, akuzunguza gudumu la makina iwo akamuloleza. Anamusokera kachikwama kopanda zipi. Mayi wa m'sitolomo ndiye anandiphunzitsa kunyowetsa tsitsi ndisanapese, Che Bwanali akuyang'anira ngati iwo ndi amene akudziwa. Tinakwera Bunda atatu kamodzi. Mwana ananyamula shuga, ine masamba a tiyi, iwo ketulo. Pamwamba anamuonetsa mzinda wonse uli phee m'chifunga cha fumbi, namuuza kuti aloze kwawo. Analoza mbali ziwiri, dzanja lililonse kwake.

Shuga anawadya pang'onopang'ono, kuyambira kuphazi limene linkaponda makina. Miyezi yomaliza inali yowawa, ndipo sindidzanama kuti pamene anapuma sindinamve kupepukidwa m'malo mwawo. Munthu amene anayenda m'mapiri moyo wake wonse ankalephera kufika pakhomo. Anamwalira m'mwezi wozizira, m'mawa, ndipo madzulo ake tinali titawaika.

Pobwera kumanda mawu a bambo anga aja anandibwerera. Pangano lathu linali la pakamwa, mboni yake inali nkhungu. Abiti Daudi anabwera pa maliro ndipo sanabwerere, anakhala mpaka arobaini. Loweruka lililonse ndinkapitabe ndi mwana, ndipo ndinkawaona akumuyang'ana, akumugwira mikono ngati akuyeza kulemera kwake. Sankandilankhula kupatula moni. Tulo tinathawanso.

Sadaka itatha, anthu akubalalika, anandiitanira pakhonde paja. Makina anali atamasulidwa kale, mutu wake uli pansi wokulungidwa m'lona, miyendo yachitsulo ndi chopondera zili pambali.

"Mchimwene wanga anali wovuta ali moyo, wavutanso atafa," anatero. "Akuti makinawa ndi a Amina akadzakula. Koma mutu usungidwe kwa inu, miyendo kwa ine. Ndinyamule chitsulo chopanda mutu mpaka ku Mulanje, anthu m'basi azindiseka."

Ndinafunsa za mwana.

"Mwana ali ndi sukulu, mukufuna aphunzire kuti? Mubwere naye pa tchuthi monga munapangana. Ndipo muzimudyetsa, akamwini, mikono imeneyi si ya mwana wa kwathu."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Iwo anandiyang'ana, nati ndidzuke ndikawafunire ngolo yonyamulira chitsulocho kupita kudepoti, ndisangokhala ngati mlendo.

Dzulo ndinadutsa pakhondepo. Pasimenti patsala timaenje tinayi pomwe miyendo ya makina inadya kwa zaka zonsezo, ndi banga lakuda la mafuta pakati pake. Mulu wa malona unachoka, khoma likuoneka loyera pomwe unatsamira. M'ming'alu mukadali tizidutswa ta ulusi wobiriwira. Msomali uja ulipo, palibe chopachikapo. Mnyamata wogulitsa zikuto za mafoni wapempha kale malowo, ndipo mwini sitolo akuti ayambe mwezi wamawa. Kumzikiti anaitana ndili chiimire pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuitanako mpaka kumapeto popanda phokoso la makina loti liime.

Sukulu ikatsekera tinyamuka, ine ndi mwana, kukagona kwa Abiti Daudi, kenako kukaona mathithi aja. Pokonzekera ndinatsegula kabati n'kutulutsa zikwama ziwiri zimene Halima analongedza. M'chake munali nsalu ya tenti, mpunga umene anankafumbwe anamaliza kalekale, ndi juzi langa. M'changa munali zitsulo, poto, machesi, ndipo pansi penipeni kabulangete kachikasu, kopindidwa bwino, kakununkhirabe sopo amene ankachapira.

Tsiku lija popita kuchipatala Halima anagona kumpando wakumbuyo, maso ali otseka chifukwa kuwala kunkamupweteka. Tili pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe anandiitana, ndipo ndinatsitsa wailesi kuti ndimve. Sanalankhulenso pambuyo pake.

"Bambo a Lusungu, bulangete la mwana ndaika m'chikwama mwanu. Nsapato zake zili kwa amalume, mukadutseko."